Kamunthu kamkuwa kamene amayi anafuna kuponya m'chimbudzi

Kwathu ku Chitipa, pa shelefu ya pabalaza, pakati pa wailesi ndi chithunzi cha ukwati wa makolo anga, pankakhala kamunthu kamkuwa kopinda miyendo. Amalume, amene ankayendetsa thiraki ya ku Dar es Salaam, anakagula kumeneko poona kuwala kwake basi. Chaka chatha amayi atabwera kumapemphero a usiku anagamula kuti ndi fano, kakaponyedwe m'chimbudzi. Ndinapempha kuti andipatse ineyo. Anandiyang'ana ngati sukulu yandizunguza mutu.

Kunena zoona, nanenso sindinkadziwa chomwe ndikupulumutsa, ndinachita kukafufuza. Ndi Buddha, Siddhartha Gautama, amene anakhalako zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Akale ankaumba ziboliboli zotere ndi phula, n'kulikuta ndi dothi, kulisungunula, kenako n'kuthira mkuwa wosakaniza ndi tini m'malo mwa phulalo. Kangaka si kakale ayi, n'kongotengera, koma zizindikiro zonse kali nazo. Makutu aatali aja, amene tinkawaseka tili ana, amakumbutsa ndolo zolemera zomwe mwana wa mfumuyu anavula posiya chuma cha kwawo.

Chimene chinandigwira mtima ndi dzanja lamanja, lomwe zala zake zikukhudza pansi. Abuda amati ali pansi pa mtengo wa mtundu wa mkuyu ku Bodh Gaya, ku India, woyesa wotchedwa Mara anamufunsa kuti mboni yake ndani. Iye sanakangane naye. Anangokhudza nthaka kuti imuchitire umboni.

Izi si zachilendo kwa ine. Ndili wamng'ono ndinaona agogo aamuna pa mlandu wa malire a munda. Analibe pepala lililonse. Anagwada pamaso pa amfumu, n'kugunda pansi ndi chikhatho, kutchula mayina a anthu awo amene anagona m'nthaka imeneyo.

Sindine Mbuda, ndipo kutchalitchi ndikupitabe. Koma Abuda tili nawo konkuno, ku Amitofo Care Centre ku Blantyre amalera ana amasiye, ndiye kutcha chinthu chawo chopatulika kuti ndi chauve tisanafunse tanthauzo lake ndi ulesi chabe. Ifenso zimatiwawa mlendo akaseka za makolo athu.

Ndinawafotokozera amayi zonsezi pafoni. Anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anati: "Chabwino mwanangu, koma kasadzabwerenso m'nyumba mwanga." Kali pa tebulo langa ku hositelo, ndipo mnzanga wa m'chipinda amakaphimba ndi thaulo akamagona.