Usiku umene kaundula wa maliro anasowa ku Chipadze

Ku Chipadze, komboni ya m'tauni ya Bindura, makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakum'mawa kwa Harare, kuli abambo ena achikulire amene anagwira ntchito pansi pa nthaka mumgodi wa Trojan kwa zaka zambiri. Atapuma pa ntchito, anzawo anawasankha kukhala alembi a bungwe la maliro, popeza dzanja lawo linali lowerengeka ndipo sanamvekepo ndi mbiri ya ndalama.

Bungwelo ndi lakale kuposa iwo. Analiyambitsa ndi makolo amene anachoka ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, ena pa magalimoto a Mthandizi, ena wapansi, kudzafuna ntchito m'migodi ndi m'mafamu a fodya. Chimene ankachiopa kwambiri chinali kufera kuchilendo popanda wokuika m'manda, popandanso wotumiza uthenga kumudzi. N'chifukwa chake kaundula wawo, kuwonjezera pa ndalama, ankalembamo dzina la munthu, chiwongo chake, mudzi, mfumu yaikulu, boma, ndi m'bale woti adziwitsidwe. Kwa ana obadwira ku Zimbabwe, amene ambiri anakula ndi zitupa zokhala ndi chilembo cha A chosonyeza mlendo kufikira malamulo aakulu a dziko a 2013 atawazindikira, mzere umodzi wa m'kaundulamo nthawi zina ndiwo unali umboni wokhawo wa kumene agogo awo anachokera.

Mabuku akale anadyedwa ndi chiswe, ena ananyowa ndi denga lodontha. Zotsalazo alembi anazilowetsa m'kompyuta yapatebulo imene mwana wawo anawagulira kwa ogulitsa zogwiritsidwa kale ntchito. Anatayipa ndi chala chimodzi kwa miyezi inayi, ndipo atamaliza mtima unakhala pansi, poganiza kuti chiswe sichidya za m'kompyuta.

Chakumayambiriro kwa 2023 magetsi ankavuta kwambiri. Madzi a ku Kariba anali atatsika kuyambira chakumapeto kwa 2022, ndipo ku Chipadze magetsi ankayaka cha m'ma 10 koloko usiku n'kuthima kusanache. M'masiku amenewo ndi mmene membala wina wakale wa bungweli anatisiya. Lamulo la bungwe linkati wobwerera m'mbuyo ndi zopereka za miyezi yoposa itatu sagulidwira bokosi. Asungichuma ankakumbukira kuti malemuwo anali ndi ngongole. Mayi wamasiye ankanenetsa kuti amuna awo analipira zonse Khirisimasi isanafike, koma malisiti sanawapeze. Onse anayang'ana kwa alembi, ndipo yankho linafunika m'mawa mwake.

Magetsi atayaka, alembi anadina batani. Fani inazungulira, bokosi la kompyuta linalira kuti pii, pii, pii, koma pa sikirini panali bii. Anayesa kanayi. Fulashi imene ankasungamo kope lachiwiri inali itawakhumudwitsa kale sabata ziwiri m'mbuyomo: mafoda onse anali atasanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona, ndipo kuyambira pamenepo iwo ankaiyesa yakufa.

M'nyumbamo munali mdzukulu wawo wamkazi, wophunzira zamakompyuta ku Bindura University of Science Education, amene Chichewa amachimva bwino koma poyankha chimathamangira ku Chishona. Munalinso mnyamata wa nyumba yoyandikana, wodziwika pokonza mafoni, amene anafika ndi yankho lake lili kale pakamwa.

“Agogo, iyi ndi yongofomata basi. Ikangoyaka, ola limodzi ndathana nayo.”

Mtsikanayo sanamuyankhe. Anakhala pampando n'kuyamba kufunsa.

“Agogo, tsiku lomaliza kuigwiritsa ntchito munaizimitsa nokha kapena magetsi anathima?”

“Anathima ndili mkati molemba.”

“Nanga pulagi munazula?”

“Ayi. Ndimaisiya momwemo kuti magetsi akabwera ndingoyatsa.”

“Tsiku ndi nthawi zimalondola?”

“Zinasokonekera kalekale. Ndimangodina F1 n'kupitirira.”

Mafunso atatuwa anampatsa njira. Kompyuta ili ndi zigawo zimene zimadzuka motsatizana. Choyamba ndi mphamvu ya magetsi. Kenako kapulogalamu kakang'ono ka pa bolodi, kotchedwa BIOS, kamayendera ziwalo zonse kuona ngati zilipo. Pambuyo pake m'pamene Windows imawerengedwa kuchokera pa hard disk, ndipo mafayilo a mwini wake amafikiridwa pomalizira. Wokonza wanzeru amatsata mndandanda womwewo. Popeza fani inkazungulira, mphamvu inkafika. Popeza bokosi linkalira sikirini isanaonetse kanthu, vuto linali pa chigawo chachiwiri, Windows isanafikiridwe n'komwe. Kufomata kumafufuta za pa hard disk, ndiye kuti kukanaononga kaundula n'kusiya matenda ali pomwepo.

Kulira kwa kompyuta kumatanthauza zosiyana malinga ndi kampani imene inaipanga. Mtsikanayo anawerenga dzina ndi nambala za pa bokosilo, anafufuza pa foni yake, n'kupeza kuti kalilidweko kankaloza ku RAM, timatabwa tating'ono timene kompyuta imagwirirapo ntchito ikayaka. Anazula pulagi, anadina batani kwa kanthawi kuti mphamvu yotsalira ithe, anagwira chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi mwake asaononge kanthu, n'kutsegula. Mkatimo munali fumbi la zaka zambiri, logwirana ngati thonje chifukwa cha chinyezi cha dzinja. Analichotsa ndi kaburashi kouma. Anazula timatabwa tiwiri ta RAM, anapukuta mano ake agolide ndi labala ya pensulo, anabwezera kamodzi kokha n'kuyatsa. Sikirini inawala. Anazimitsa, anabwezera kachiwiri, n'kuyatsanso. Inawalanso. Tonse tiwiri tinali tamoyo, kungoti dzimbiri ndi fumbi zinatseka polumikizira.

Alembi ankaonerera ali chete. Kenako anati: “Kumgodi tikaphulitsa, sitinkalowa mothamanga. Unkatenga chitsulo chachitali n'kumagogoda denga, malo amodziamodzi. Mwala wolimba umalira kuti ngwee, wolekana ndi unzake umalira ngati ng'oma. Ukagogoda pawiri nthawi imodzi sudziwa walira ndi uti.”

“N'chimodzimodzi, agogo. Kusintha chinthu chimodzi, kuyesa, kenako china.”

Uthenga wa F1 unabwera monga mwa masiku onse. Gwero lake linali kabatire kozungulira ngati kandalama, ka mtundu wa CR2032, ka mavoti 3, kamene kamasunga nthawi kompyuta ikakhala yozima. Kakatha mphamvu, kompyuta imadzuka ikuyesa kuti ili m'chaka china, ndipo masamba ambiri a pa intaneti amakana kutseguka chifukwa ziphaso zawo zachitetezo zimayendera tsiku. Usiku umenewo kunalibe kogula kena, choncho anangolemba tsiku ndi manja n'kupitirira.

Chizindikiro cha Windows 7 chinaoneka, chinaima, kompyuta n'kudziyambiranso. Inatero katatu. Mnyamata uja anaseka pang'ono, nati wanena kale. Nthawi inali itadutsa 12 koloko. Apa mtsikanayo anavomereza kuti Windows yavulaladi, ndipo chifukwa chake chinali chodziwikiratu: magetsi akathima kompyuta ili mkati molemba pa disiki, ntchitoyo imadukira pakati, ndipo zikachitika kawirikawiri, dongosolo losonyeza pamene pali fayilo iliyonse limasokonekera. Komabe anakana kukonza.

“Nyumba ikamapsa timayamba tatulutsa katundu,” anatero m'Chichewa chake chopendama. “Pulogalamu yokonzera disiki imalembanso pa disiki pomwepo. Ikalakwitsa, zotsalazo zipita.”

M'chikwama chake munali fulashi yokhala ndi Ubuntu, mtundu wa Linux umene unayamba kutuluka mu 2004 ndipo umapezeka mwaulere. Ubwino wake ndi woti ukhoza kuyendetsa kompyuta kuchokera pa fulashi osakhudza za pa hard disk. Anauza BIOS kuti iyambire ku fulashiyo. Inatseguka mwaulesi ngati nkhono, koma inatseguka, ndipo mafoda a alembi anaoneka onse. Anakopera zonse pa fulashi ina yatsopano asanatsegule kalikonse. Zithunzi za maukwati zinalipo, makalata analipo. Fayilo ya kaundula inaliponso ndi dzina lake, koma poitsegula inakana. Ndiyo imene inali yotsegula pamene magetsi ankathima.

Alembi anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Munali mayina oposa 300 mmenemo, ndipo ambiri mwa amene akanatha kunenanso midzi ya anthuwo anali kale kumanda.

“Agogo, fulashi yanu ija ili kuti?”

“Inafa. Ndanena kale.”

“Bwerani nayo. Ndikufuna ndione mtembo wake.”

Anaitulutsa m'chitini cha masikono. Matenda ake ndi ofala paliponse pamene anthu amabwerekana mafulashi: m'masukulu, m'maofesi, m'mashopu osindikiza mapepala. Kachirombo kameneka nthawi zambiri sikafufuta mafayilo. Kamaika pa foda iliyonse chizindikiro chouza Windows kuti iibise, n'kusiya kachithunzi konyenga ka dzina lomwelo. Munthu akadina kachithunziko pofuna zinthu zake, amadzutsa kachiromboko, kamene kamakhazikika m'kompyutamo n'kumadikira fulashi yotsatira. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Alembi anakatenga kushopu ina kumene anakasindikizitsa lipoti la pachaka, ndipo anadinadi, kambirimbiri.

Koma chizindikiro chobisacho ndi lamulo la Windows, ndipo Ubuntu salimvera. Kachiromboko nakonso kanalembedwera Windows, kotero m'menemo kanali ngati ng'ona pamtunda wopanda madzi. Fulashi itangolowa, mafoda enieni anaoneka pambali pa tizithunzi tonyenga tija. Kaundula analimo, wosungidwa komaliza pakati pa January. Anatseguka.

Alembi anavalanso magalasi n'kutsetsereka ndi chala pa sikirini kufikira pa dzina la malemu. Miyezi isanu inali yobwerera m'mbuyo, monga asungichuma ananenera. Pa mzere wa December panalembedwa kuti yonse inalipiridwa pa tsiku limodzi, monga mayi wamasiye ananenera. Onse awiri sananame: asungichuma anali kumunda tsiku limenelo, ndipo ndalamazo analandira ndi alembi okha. Kumapeto kwa mzerewo kunali mudzi wa m'dera la Mfumu Yaikulu Kachindamoto, boma la Dedza, ndi nambala ya mwana wa mlongo wawo wa malemuwo. Nthawi inali itakwana 3 koloko. Analemba zonsezi papepala, ndipo pasanathe maola awiri magetsi anathima.

Bokosi linagulidwa m'mawa. Uthenga unapita ku Dedza pa WhatsApp, ndipo masana ake kunabwera mawu ojambulidwa a mayi wina wokalamba, akulira m'bale wawo amene anamuona komaliza ali mtsikana. Anawaseweretsa pasiwa, anthu onse ali chete.

Kukonza kwenikweni kunachitika maliro atatha. Mtsikanayo anagula kabatire katsopano. Anayeza thanzi la hard disk n'kupeza kuti ili ndi malo owonongeka, kutanthauza kuti ulendo wake watsala pang'ono. Anafufuta tizithunzi tonyenga ndi kachirombo pa fulashi ija, n'kuwaonetsa agogo ake lamulo la attrib limene limabwezeretsa mafoda obisika pa Windows, ngakhale iwo anati zimenezo n'za ana. Windows 7 sanaibwezeretse, popeza Microsoft inasiya kuitumizira zotseka mipata ya chitetezo pa 14 January 2020, ndipo kachirombo kaja kanali kale m'menemo. Anaika disiki ina, anaikamo Ubuntu, n'kulembanso zopereka za masabata otayika kuchokera pa timapepala ta asungichuma. Mnyamata woyandikana uja anabwera kudzapempha kope la fulashi ya Ubuntu. Pomaliza ndiye kuti kufomata kunachitikadi, koma katundu atatuluka kale.

Mtsikanayo anasiya malamulo atatu olembedwa pa kapepala komata pakhoma. Magetsi akathima, zulani pulagi, chifukwa pobwera amabwera ndi ukali. Fulashi yopita kushopu ikhale yakeyake, yonyamula chokasindikizidwacho basi. Kaundula akhale m'malo atatu, ndipo amodzi mwa malowo akhale kunja kwa nyumba ino. Alembi anawonjezera lachinayi mwa iwo okha: anagula buku lalikulu lachikuto cholimba, ndipo madzulo alionse amakoperamo mayina khumi ndi dzanja. Bukulo limagona m'chitini chotseka bwino, kwa asungichuma.

Pokopera anaona chinthu chimene pa sikirini sankachiona. Mwa mamembala obadwa pambuyo pa 1980, ambiri malo a mudzi ndi mfumu ali opanda kanthu. Ena analemba Chipadze, ena Trojan, ena Shamva. Malamulo a 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka m'Zimbabwe, ndipo ndicho chili poyamba pa mndandandawo, koma lamulo silingauze mwana dzina la mudzi wa agogo ake. Pa msonkhano wotsatira alembi anapempha kuti aliyense akafunse akuluakulu a kwawo akadali moyo, ndipo mipata ina yayamba kudzaza.

Mzere wa mdzukulu wawo unali umodzi mwa yopanda kanthu. Tsiku lina madzulo anamuitana, namupatsa cholembera.

“Iwe mayi, lemba wekha. Ine ndinena pang'onopang'ono.”

Analemba chiwongo, analemba mudzi, analakwitsa kalembedwe ka dzina la mfumu, agogo ake n'kumuuza kuti afufute alembenso.