Mbale Wake wa Viniga Amene Amapha Tizilombo

Amai anzanga, magulu ambiri amene ndimayendera ayamba kupanga jamu wa mango ndi juwisi wa malambe, ena akugulitsa mkaka. Phindu lilipo ndithu, koma chigubu chimodzi chosatsuka bwino chimasasitsa mkaka wa gulu lonse, ndipo botolo limodzi lauve likhoza kutsegulitsa m'mimba mwana wa wogula. Nchifukwa chake ndati tikambirane za mankhwala otchedwa peracetic acid, amene makampani a mkaka ndi a moŵa amatsukira matanki ndi mapaipi, ndiponso achipatala amaphera tizilombo pa zipangizo zimene sizifuna moto.

Mankhwalaŵa ndi mbale wake wa viniga wa kukhitchini kwathu. Akatswiri amasakaniza asidi wa m'viniga ndi hydrogen peroxide, uja amachita thovu pachilonda. Pamenepo asidiyo amalandira kachidutswa kamodzi koonjezera ka okosijeni. Kachidutswako nkosakhazikika: kakakumana ndi kachilombo kamaononga khungu lake, kachilombo nkufa. Ntchito ikatha, mankhwalawo amasanduka madzi, okosijeni ndi asidi wa viniga uja. Apa mpamene ine ndimawakondera, pakuti sasiya poizoni wokhalitsa m'chiŵiya chimene maŵa tidzathiramo chakudya cha ana.

Komabe mbaleyu ngwaukali. Kaŵirikaŵiri amagulitsidwa ndi mphamvu ya 5 kapena 15 peresenti, ndipo fungo lake limalasa m'mphuno. Asanasungunulidwe amaotcha khungu ndi maso, amadyanso ziŵiya zamkuwa. Tsono povundula tivale magolovesi, tikhale pamalo opita mphepo, titsate muyeso wa madzi wolembedwa pachigubu. Tisawaphatikize ndi Jik, chifukwa pamatuluka mpweya wa chlorine woononga mapapo. Tisayesenso kudzipangira tokha pothira viniga ndi peroxide m'botolo limodzi, pakuti mphamvu yake sitingathe kuiyeza.

M'magulu athu tidapangana kuti chigubu chisungidwe ndi mai mmodzi wodziŵa kuŵerenga, pamalo ozizira ndi otsekeka, kutali ndi ana. Tidapangananso kuti sopo ndi burashi zizitsogola nthaŵi zonse, popeza mankhwala akagwera pa mafuta a mkaka okanirira, mphamvu yake imathera pomwepo tizilombo tili phee kunsi kwake.

Akulu adati safunsa adadya phula. Gulu limene lifuna kugula mankhwalaŵa liyambe laonana ndi mlangizi wa zaumoyo kapena wa ziŵeto wa m'dera lake, kuti ukhondo wathu usasanduke ngozi pakhomo.