Za Kuocha Nyama ya Ng'ombe pa Timitengo

Nyama ya ng'ombe siifika kawirikawiri m'nyumba zathu za kumudzi, ndipo ikafika, ncacisoni kuiononga ndi manja athu omwe. Ife tinaionongapo tsiku lina, ndipo manyazi ace sanaticokebe.

Pa mudzi woyandikana nafe anapha ng'ombe, nkhalamba ya ng'ombe imene inakoka ngolo zaka zambiri. Tinagulako kilo imodzi, ndipo ana anatiumiriza kuti tiioche pa timitengo monga acitira anyamata a kanyenya pa msika. Tinaiduladula mofulumira, kuiwaza mcere, ndi kuiika pa moto wamalawi. Kunja inapserera, m'kati inatsala yaiwisi, ndipo inalimba ngati cikopa. Amai athu otibala, amene mano ao atsala owerengeka, analandira gawo lao ndi manja awiri, nathokoza. M'mawa mwace, posesa, tinaipeza nyamayo pansi pa mphasa yao, yosadyedwa. Iwo sananene kanthu, anaopa kutikhumudwitsa.

Kuyambira pamenepo tinafunsa kwa odziwa, tinayesanso kangapo, ndipo cimene tinapeza ndi ici: nchito yaikuru iri m'mbale, moto usanayatsidwe.

Nyama iri ndi mizere yace monga thabwa. Mpeni udutse mizereyo mopingasa, osati moitsata, ndipo nthuli zikhale zofanana, zosaposa cala cacikuru, kuti zipsere pamodzi. Tsono pa kilo imodzi tifinyira mandimu 2, tithira masupuni 3 a mafuta ophikira, anyezi mmodzi ndi adyo zosinja, mcere, ndi tsabola wa kambuzi pang'ono. Koma kumbukirani ana pothira tsabolayo. Tisakaniza ndi manja osamba, tibvundikira, ndi kuika pa malo ozizira. Madzi a ndimu salowa patali m'nyama, ndico cifukwa cace nthuli zazikuru sizipindula nao.

Pa ng'ombe yokalamba ndimu yokha siikwana. Mankhwala ace ali kuseri kwa nyumba: papaya. Utomoni woyera wa papaya wosapsa uli ndi mphamvu yofewetsa nyama. Tipala supuni imodzi kapena awiri a papayayo ndi kusakaniza pamodzi, kapena tikulunga nyama m'masamba ace otikita. Komatu apa tinalakwanso. Poganiza kuti cabwino cikacuruka cikomerako, tinathira wambiri ndi kusiya nthawi yaitali, ndipo nyama inasanduka ngati phala, yosagwira pa kamtengo. Ora limodzi likwana, ndipo pa nyumba yopanda firiji musapitirire maora 2, makamaka m'mwezi wa Okotobala, pakuti nyama yaiwisi siicedwa kubvunda pa kutentha.

Timitengo tikhale ta nsungwi, tosongola, tobviikidwa m'madzi theka la ora kuti tisapse. Musathyole nthambi ya nkhadze pa mpanda. Utomoni wace ngwaululu. Potunga, siyani kampata pakati pa nthuli, kuti kutentha kufike mbali zonse. Ena amaikamo anyezi ndi tomato. Ife tomato tinamleka, cifukwa amagwera pa moto nyama isanapse.

Moto woyenera ndi makala amene malawi ace atha, nayamba kuyera phulusa pamwamba. Mbaula ikhale pa bwalo, osati m'nyumba yotseka, pakuti mpweya wa makala umapha munthu mwakacetecete. Tembenuzani timitengo kawirikawiri, mphindi 10 kufikira 15. Mafuta akadontha nayatsa malawi, sunthirani nyama pambali. Pomariza ng'ambani nthuli imodzi: m'kati musaoneke mofiira, cifukwa nyama ya ng'ombe yosapsa bwino imatha kupatsa munthu njoka ya m'mimba. Msuzi wotsala m'mbale ya nyama yaiwisi musauthire pa nyama yakupsa, mbale yomweyo musapakuliremo musanaitsuke.

Pamene ng'ombe inaphedwanso, tinacita zonsezi mosathamanga, ngakhale ana analikuzungulira mbaula ngati anapiye. Kamtengo koyamba tinapereka kwa amai. Tinakhala ngati tiyang'ana kwina, koma diso linali pa iwo. Anadya nthuli zonse zisanu pamodzi ndi nsima, napukuta pakamwa, natuma mdzukulu wao kuti akaone ngati katsalako kena.