Zomira sizisowa

Ine ndimagulitsa mavwende pamsika. Kasitomala akafunsa ngati vwende lapsa, sindilidula ayi. Ndimaligogoda ndi chala n'kutchera khutu, chifukwa lakupsa ndi laliwisi salira mofanana. Sabata ino ndikuuzeni za anthu amene amamvetsera dziko lapansi ngati vwende, komanso za chimene chinandigogoda ine mwezi wathawu.

Mwana wanga wamkazi ali Fomu 2. Madzulo ena amawerenga Geography mokweza, ine ndikuwerengera ndalama za tsikulo. Amanena za ma plate, zibenthu zikuluzikulu za khungu la dziko zimene zimasuntha masentimita ochepa pachaka, monga zimakulira zikhadabo. Ku Japan ndi ku Chile, chibenthu cha pansi pa nyanja chimalowa kunsi kwa chinzake chifukwa n'chozizira komanso cholemera. Kwathu kuno n'zosiyana, nthaka ikuchita kung'ambika, ndipo Nyanja ya Malawi yakhala m'chigwa cha mng'aluwo.

Ndiye anandifunsa, "Amayi, nanga chikalowa pansipo chimapita kuti?"

Ndinayankha msanga, "Chimasungunuka basi, n'kutha." Iye sanakhutire. Tinagula bandulo n'kufufuza pafoni, ndipo ndinapezeka kuti ndanama.

Chibenthucho chimamira pang'onopang'ono m'mwala wotentha umene amautcha mantle, umene umafika makilomita pafupifupi 2,900 kuya kwake. Palibe anakumbapo mpaka kumeneko. Nanga amachiona bwanji? Amadikira chivomerezi. Chikachitika, mafunde ake amadutsa m'kati mwa dziko n'kukafika pa makina oyezera amene ali m'mayiko osiyanasiyana. M'mwala wozizira mafundewo amathamanga kuposa m'mwala wotentha, choncho odutsa m'chibenthu chomira amafika msanga pang'ono kuposa nthawi yoyembekezeka. Akatswiri akaphatikiza zivomerezi zambirimbiri, amatulutsa chithunzi cha m'kati, ngati sikani ya kuchipatala.

Umu ndi mmene anaonera mbali yomira ya Farallon, chibenthu chimene kale chinali pansi pa nyanja ya Pacific. Pamwamba pangotsala tizidutswa, koma thunthu lake lili kunsi kwa North America, makilomita mazanamazana pansi. Mu 2017 akatswiri a ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands anatulutsa mapu otchedwa Atlas of the Underworld, osonyeza zibenthu zomira 94. Zina zinayamba kumira zaka zoposa 200 miliyoni zapitazo, koma mpaka lero kuzizira kwake sikunathe, n'chifukwa chake zikuonekabe.

Usiku umenewo tulo sitinabwere, ndipo ndikuuzeni chifukwa chake.

Mu 2009, chaka cha zivomerezi za ku Karonga chija, ndinasiya sukulu ndili Fomu 3 chifukwa cha mimba. Ndinabereka mwana wamwamuna. Anakhala nafe miyezi inayi yokha. Titachoka kumanda, azakhali anandiuza kuti, "Usamalire, udakali mwana, udzabereka ena." Ndinamvera. Ndinayamba geni, ndinakwatiwa, ena aja anabadwadi. Munthu akandifunsa kuti ana alipo angati, ndimati awiri. Ndinkakhulupirira kuti nkhani ija inasungunuka n'kutha.

Koma kutatsala masiku atatu kuti tiwerenge za ma plate zija, panabwera mayi wina pabenchi panga ndi mnyamata wake wamtali, wovala yunifolomu ya sekondale. Akusankha vwende, anamuitana kuti adzanyamule. Dzina lake linali lomwe lija la mwana wanga. Msinkhunso ndi womwe akanakhala nawo lero. Abale, manja anga anachita dzanzi. Ndinawapatsa chenji choposa, mpaka eniake anachita kundibwezera, amvekere, "Mayi, muli bwino koma?" Ndinati ndi dzuwa.

Silinali dzuwa. Dzina lija linadutsa mwa ine ngati mafunde a chivomerezi, n'kukapeza malo ozizira amene ndinkayesa kuti kulibe.

Sindikunena kuti azakhali analakwa. Anandipatsa chimene iwonso anapatsidwa, ndipo chinandithandiza kudzuka m'mawa n'kupita kukapikula katundu. Koma ambiri a ife, makamaka amayi, tikuyenda ndi zomira zotere. Mwina inunso amene mukuwerenga muli nacho chanu, kaya mwana, kaya banja, kaya mayeso amene simunalembe. Mukaona mnzanu wasintha nkhope pa nkhani yooneka yaing'ono, musafulumire kunena kuti akuwonjeza. Simukudziwa pamene mawu anu adutsa.

Lamlungu lapitali, tikusenda mbatata pakhonde, ndinamuuza mwana wanga kuti yankho langa lija linali lolakwika kawiri. Ndinamuuza kuti asanabadwe iye, kunali mchimwene wake. Anakhala chete, mpeni uli m'manja. Kenako anafunsa, "Dzina lawo anali ndani?"

Ndinalitchula. Ndinali ndisanalitchulepo mokweza chichokereni kumanda kuja.