Nsomba ungagwire zina, ukonde ndi umodzi

Kuno ku Chanyanya aliyense amadziwa kuti nsomba zikaola lero, mawa ungagwire zina mu Kafue, koma ukonde ukatayika ntchito yaima. Ife amene tikuphunzira kumanga kernel ya Linux, tikugawana laputopu imodzi yakale, timaiona ntchito yathu chimodzimodzi. Pali mafayilo amene analembedwa ndi munthu, ndipo pali ena amene kompyuta imapanga yokha. Ukawasakaniza, tsiku lina udzafufuta ukonde poganiza kuti ndi nsomba.

Kernel ndiye mtima wa Linux. Linus Torvalds anaiyamba mu 1991, ndipo foni ya Android imene ili m'thumba mwanu ikuyendera yomweyo. Code yake ili ndi mizere yoposa 30 miliyoni. Ukalemba make, kompyuta imatulutsa mafayilo masauzande a .o, ena mu include/generated, kenako vmlinux. Ukapanda kuiuza kanthu, zonsezi imazithira pakati pa code yomweyo.

Ndiye chifukwa chake timalemba make O=../zotuluka. Chilembo O chimauza kompyuta kuti zonse zimene ipange ziikidwe mufoda ina, code ikhale yosakhudzidwa. Kwa ife zimenezi ndi ndalama. Kudawuniloda code kumadya ma bundle oposa 100 MB, ndipo sitingakwanitse kuti aliyense akhale ndi yake. Manje code ndi imodzi, koma mafoda ndi angapo: wina akumangira laputopu, wina akumangira foni ndi ARCH=arm64, ndipo palibe woponda mnzake. Malaiti akapita pakati pa ntchito, make imapitiriza pamene inalekera. Foda ikasokonezeka kwambiri, timaifufuta n'kuyambanso, popanda kuwononga bundle ina.

Lamulo lake ndi lakuti O imeneyi uzilemba nthawi zonse. Ukaiwala kamodzi, zotuluka zimalowa mu code, ndipo ulendo wotsatira kernel imakana kumangika mpaka uyeretse ndi make mrproper.

Apa m'pofunika kusamala. make clean imachotsa zotuluka zambiri koma imasiya .config. make mrproper, imene dzina lake linachokera ku mankhwala otsukira m'nyumba otchedwa Mr. Proper, imachotsa ndi .config yomwe. Fayilo imeneyi imakhala pakati pa zotuluka, koma si nsomba ayi. Ndimo muli zosankha za munthu: madiraiva ati alowe, ati atsale, Wi-Fi igwire kapena isagwire. Munthu angakhale mausiku atatu akuikonza, n'kuitaya pa sekondi imodzi. Choncho timalemba make savedefconfig, imene imasunga zosankhazo mufayilo yaing'ono, n'kuiika mu Git ndi pa flash.

Chinanso, fayilo yopangidwa ndi kompyuta sitiikonza ndi manja. Ukasintha autoconf.h, kompyuta idzailembanso kuchokera mu .config ndipo zako zonse zidzafafanizika. Konza kumene inachokera. Ndipo zotuluka sitizitumiza mu Git. Kernel ili ndi .gitignore yoziletsa, chifukwa mnzako akufuna code, osati katundu amene makina ake angapange okha.

Inu amene mukuyamba kumene, musanafufute fayilo iliyonse dzifunseni funso limodzi: ikapita, kompyuta ingaipangenso? Ngati yankho ndi ayi, isungeni malo awiri musanagone.