Mphunzitsi wa Baibulo ndi nyanja youma

Kwathu kufupi ndi doko la Kachulu, munthu akanena kuti waitanidwa ndi Mulungu timayembekezera kumuona paguwa akulalikira mpaka mawu kusasa. Woti angokhala pampando n'kumatsegula mabuku a Chigiriki ndi Chiheberi tsiku lonse, ambiri angati ameneyo wangopeza ntchito yamalipiro basi. Ine ndimati nayenso ndi woitanidwa, ndipo umboni wanga ndi mawu amodzi okha: kubatiza.

Mawuwa si Achichewa. Anachokera ku mawu a Chigiriki akuti baptizo, omwe tanthauzo lake loyambirira ndi kumiza chinthu m'madzi. Omasulira Buku Lopatulika la mu 1922 sanalembe kuti kumiza. Anangowabwereka mawuwo n'kuwaveka zovala za Chichewa, ndipo Buku Loyera la mu 1998 linachitanso chimodzimodzi. Izi zinathandiza kuti a mipingo yowaza madzi pamutu ndi a mipingo yomiza aziwerenga Baibulo limodzi popanda kukokana malaya. Mkanganowo unangobisala m'kati mwa mawu obwerekawo.

Kwathu unavumbuluka mu 2018, nyanja ya Chilwa itauma monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995. Mabwato anagona pamatope ong'aluka, matemba ndi milamba zinasowa, ndipo mpingo wa Baptist womwe amalume anga ndi dikoni unali ndi anthu oyembekezera ubatizo, mmodzi mwa iwo gogo wodwaladwala. Ena anati awathire madzi pamutu. Ena anati kutero n'kusiya Chibaptisti. Amalume anatumiza funsoli kwa mphunzitsi wina wa Baibulo wa ku seminale ya Baptist ku Lilongwe.

Yankho lake linawakwiyitsa poyamba, chifukwa silinagamule mlandu. Mphunzitsiyo anafotokoza tanthauzo la mawu a Chigirikiwo, nati mpingo sunalakwe pomiza. Kenaka anawauza za kabuku kakale ka Akhristu oyamba kotchedwa Didache, komwe kanapezeka ku Constantinople mu 1873, kamene kamalola kuthira madzi pamutu katatu ngati madzi ambiri palibe. Anaonjeza kuti kabukuka si Malemba, choncho sikangalamule mpingo. Zotsalazo, iye anati, akambirane okha.

"Ndiye sukulu yonseyo n'njachiyani?" anatero amalume. Koma taonani zimene munthuyo anachita. Anatchula umboni wosagwirizana ndi mwambo wa mpingo womwe umamulipira, pomwe akanatha kuubisa ndipo palibe aliyense kwathu akanadziwa. Sanagwiritsenso ntchito madigiri ake kutseka anthu pakamwa. Abaptisti amakhulupirira kuti wokhulupirira aliyense ndi wansembe ndiponso kuti mpingo uliwonse umadzilamulira wokha. Hany Longwe, yemwe analemba mbiri ya Baptist Convention of Malawi, anafufuza kwambiri za chiphunzitso chimenechi. Mphunzitsi wa mpingo wotere ali pamalo ovuta: amathera zaka zambiri akuphunzira, koma pamsonkhano dzanja lake ndi limodzi, lofanana ndi la msodzi.

Ntchito yamtunduwu si yachilendo ku Zomba. Klaus Fiedler, m'busa wa Baptist wa ku Germany, anaphunzitsa ku Chancellor College kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo anathandiza kusindikiza mabuku a Kachere kuti kafukufuku wa Amalawi asamathere m'makabati. M'mabuku amenewa ndi momwe Rachel NyaGondwe Banda anatulutsira buku lake lonena za amayi a Baptist a kummwera mu 2005. Zikomo wa ntchito yotere samveka ngati ameni wa paguwa.

Mpingo wa amalume unakambirana masabata atatu. Unagwirizana kudikira madzi, koma abusa ndi madikoni anapita kwa gogo uja kukamufunsa maganizo ake, chinthu chomwe palibe anali atachiganizira kale. Gogoyo anati adikira nawo. Mvula yamphamvu ya mu Marichi 2019 itadzaza nyanja, anamizidwa pamodzi ndi anzake, anyamata awiri atamugwira m'mapewa.