Za Dziko Lathu la kwa Malemia ndi Madzi a Domasi

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za dziko lathu la kwa Malemia, ndi za iwo amene aliyang'anira.

Dziko ili liri pa tsinde pa mapiri awiri, Zomba ndi Malosa. Pakati pao utsika mtsinje wa Domasi, nupita kum'mawa kukathira m'nyanja ya Chilwa. Ife tonse tidya za mtsinje umenewu. Amai atungako madzi, abambo alima mpiru ndi matimati m'madimba a m'mbali mwake, ndipo kumunsi ku chigwa anzathu alima mpunga ndi madzi omwewo.

Oyang'anira dzikoli ali pa mizere iwiri. Mzere woyamba ndiwo wa makolo: nyakwawa m'mudzi, gulupu pamwamba pake, ndi Mfumu yaikulu Malemia, ya mtundu wa Ayao. M'chaka cha 1933 Boma la Angerezi linapatsa mafumu aakulu mphamvu ya kuweruza milandu ndi kuika malamulo m'maiko ao, ndipo ambiri anadza ndi akazi ao kudzaphunzira za ufumu ndi za ukhondo ku sukulu ya Jeanes, imene inatsegulidwa kuno ku Domasi m'chaka cha 1929. Mzere wachiwiri ndiwo wa voti. Lamulo la 1998 linapatsa makhonsolo nchito ya chitukuko. Chifukwa chake tisankha khansala wopita ndi mau athu ku khonsolo ya Zomba, ndipo m'midzi tiri ndi makomiti oona za mijigo, milato ndi masukulu.

Tsono mau athu ndi awa. Mitengo ya m'phiri iri kutha ndi nkhwangwa za ootcha makala, ndipo si alendo okha amene achita ichi, koma ana athu omwe, pakuti njala iwakankha. Phiri likakhala la dazi, mvula sikhalitsa m'nthaka. Itsika tsiku limodzi ndi ukali, nikokolola minda, ndipo pofika mwezi wa October mtsinje ulefuka. Akulu akumbuka kuti Chilwa anaphwa m'chaka cha 1968 ndiponso cha 1995, mvula itachepa, asodzi nasowa pogwira. Nyanja yotere siingathe kupirira ngati mitsinje yake ichepanso.

Kodi adzaletsa ndani? Mfumu siigona m'nkhalango, ndipo khansala sadziwa nkhwangwa iri yonse. Ku France, dziko la ku Ulaya, kuli midzi yodziweruza yokha pafupifupi 35,000, ndipo kuyambira 1789 ngakhale kamudzi kakang'ono kali ndi meya wake ndi bwalo lake la aphungu, amene ambiri a iwo ndiwo anthu wamba a m'mudzi momwemo. Nafenso tiri nalo bwalo lathu pansi pa mtengo; chosowa ndicho anthu odzapo ndi kulankhula.

Chifukwa chake, nyakwawa ikaitana msonkhano, tisatume ana; tipite tokha, abambo ndi amai, makamaka amai, popeza kuno munda utsata mbumba. Tipangane za malo odula nkhuni ndi malo oleka, tibzale mitengo m'mbali mwa mtsinje mvula ikayamba, ndipo achinyamata ootcha makala tiwapatse gawo la dimba kuti apeze podyera. Mutu umodzi susenza denga. Tikatero, adzukulu athu adzamwa madzi a Domasi monga tinamwera ife.